Kafufuzidwe ka tizamoyo todya amoniya m'matope a pansi pa nyanja zamchere

Mukalowetsa paipi yoonekera mkati m'matope a pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, n'kuizula mosamala, mumaona kuti matopewo saoneka chimodzimodzi kuchokera pamwamba kufika pansi. Pamwamba pamakhala kagawo kofiirira, ndipo pansi pake matope amayamba kuda n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Mpweya wa okosijeni wochokera m'madzi umathera m'kagawo ka pamwambako, kawirikawiri usanafike n'komwe pamene kufiirako kwalekezera, moti m'matope a m'mphepete mwa nyanja okhala ndi zowolerana zambiri umangolowa mamilimita owerengeka basi. Tizamoyo timene timasandutsa amoniya kukhala nitrite (zonsezi ndi zinthu zokhala ndi nayitirojeni) timagwira ntchito yawo m'mamilimita amenewa. Choncho kafukufuku amene akufotokozedwa pano wagona pa kusunga dongosolo la magawo a matope, kuti chilichonse chimene mwayeza, kaya ndi mpweya, mchere kapena DNA, mudziwe kuti chachokera pa kuya kotani ndipo muthe kuchilumikiza ndi zinzake za pamalo omwewo.

Amoniya wa m'matope amachokera ku zinthu zakufa zimene zimamira, monga ndere, tinsomba ndi zinyalala zobwera ndi mitsinje, zomwe mabakiteriya ena amaziphwanya. Popeza pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) ya madzi a m'nyanja imakhala pafupi ndi 8, gawo lalikulu la amoniyayo limakhala m'maonekedwe a ammonium wosungunuka. Ammonium amakwera pang'onopang'ono kuchokera m'matope akuda, ndipo akakumana ndi okosijeni amasandutsidwa nitrite, kenako tizamoyo tina timasandutsa nitrite kukhala nitrate. Gawo la nitrate ameneyu limabwerera pansi kumene kulibe mpweya, komwe limasandutsidwa gasi wa nayitirojeni wouluka. Umu ndi mmene matope amachotsera m'madzi gawo la fetereza wokokoloka m'minda, kuphatikizapo amene amatsika ndi Shire kulowa mu Zambezi mpaka kukafika m'nyanja ya Indian Ocean.

Muyenera kudziwa amene mukuwafuna musananyamule zida. Sergei Winogradsky anapatula mabakiteriya a Nitrosomonas mu 1890, ndipo kwa zaka zoposa 100 asayansi ankakhulupirira kuti ntchitoyi ndi ya mabakiteriya okha, makamaka Nitrosomonas, Nitrosospira ndi Nitrosococcus. Mu 2005, Martin Könneke ndi anzake a mu labotale ya David Stahl ku University of Washington anapatula kachamoyo kena kuchokera m'timiyala ta pansi pa thanki ya nsomba ku Seattle Aquarium. Anakatcha Nitrosopumilus maritimus, ndipo si bakiteriya koma ka m'gulu la ma archaea, tizamoyo ta selo imodzi tooneka ngati mabakiteriya koma ta mtundu wina. Mu 2009 zinapezeka kuti kachamoyoka kamatha kukhala ndi moyo pa ammonium wochepa kwambiri, wokwana ma nanomole 10 okha pa lita, kumene mabakiteriya odziwika sangakule. Mu 2015 kunatulukiranso mitundu ya Nitrospira imene imachita masitepe onse awiri yokha, yotchedwa comammox, yomwe imapezeka m'mathero a mitsinje koma ndi yosowa m'kati mwa nyanja. Palinso gulu lina losiyana kwambiri, la anammox, limene limadya ammonium popanda okosijeni, ndipo ilo lili ndi kafufuzidwe kakekake.

Kusankha malo ndi kutenga matope

Yambani ndi chilolezo. Pangano la United Nations la 1982 lokhudza nyanja limapereka mphamvu kwa dziko la m'mphepete mwa nyanja yololeza kapena kukana kafukufuku m'madzi ake mpaka mtunda wa ma nautical mile 200 (pafupifupi makilomita 370), ndipo pangano la Nagoya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limakhudza kutulutsa zamoyo ndi DNA yake kupita nazo kunja. Mapepala amenewa amatenga miyezi.

Posankha malo, tsatirani chinthu chimodzi chimene chikusintha mooneka bwino, monga mchere kuchokera kumtunda kwa mtsinje kufika kunyanja, kapena mtunda kuchokera pamene pamathiridwa zonyansa za m'tauni. Kafukufuku wa Annika Mosier ndi Christopher Francis ku San Francisco Bay, wa mu 2008, anapeza kuti ma archaea ankaposa mabakiteriya kumene mchere unali wochepa, pomwe mabakiteriya ankachuluka kumene mchere unali wambiri. M'malo ena ofufuza apeza zosiyana ndi zimenezi, ndiye musapite kumalo anu mutaganiza kale yankho. Pamalo alionse tengani mapaipi osachepera atatu otalikirana mamita angapo. Ambiri amalakwitsa pogawa matope a paipi imodzi patatu n'kumawerenga ngati masampulo atatu, pamene kwenikweni ayeza malo amodzi katatu.

Pamalo osaya, dikirani nthawi imene madzi a m'nyanja abwerera, ndipo yendani mochokera kumene madzi akulowera kuti matope amene mwavundula asagwere pamene mukufuna kutenga. Gwiritsani ntchito paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, yotambalala masentimita 5 mpaka 10. Ilowetseni choongoka ndiponso mwapang'onopang'ono, kusiya mpata wa madzi pamwamba pa matope, tsekani kumwamba ndi chitsekero cha labala, kumbani m'mbali ndi dzanja, ndipo tsekani kunsi paipiyo isanatuluke m'matope. Pamalo akuya pamene pamafunika sitima, pemphani chida chotchedwa multicorer, chimene chimatera pansi kaye kenako n'kulowetsa mapaipi mwakachetechete. Zida zongogwetsedwa kapena zokokota zimakankha madzi patsogolo pake, madziwo n'kuuluza kagawo kamene mwadzera.

Paipi ikatuluka, yang'anani madzi a pamwamba pake. Akakhala oyera, ndipo pamwamba pa matope pakuoneka timauna ndi timizere ta tizilombo, paipiyo ndi yabwino. Akakhala ovunduka, itayeni n'kutenga ina, ngakhale mutatopa chotani. Mapaipi abwinowo asungidwe choimirira, mumdima, pa kuzizira kofanana ndi kwa pamene achokera.

Kuyeza okosijeni musanadule

Sitepe iyi imadumphidwa kawirikawiri chifukwa chida chake n'chodula ndipo chimathyoka msanga, koma popanda iyo mudzadula matope mongoganizira. Chidacho ndi kasingano ka galasi kotchedwa microsensor, kamene kanakonzedwa makamaka ndi Niels Peter Revsbech ku Aarhus m'dziko la Denmark, ndipo nsonga yake imachepa kuposa tsitsi la munthu. Kayeseni kaye m'madzi a mchere ndi kutentha kofanana ndi kwa sampulo yanu amene mwawadzaza mpweya, kenako m'madzi opandiratu okosijeni. Mukatero katsitseni m'matope ndi makina ake pa masitepe a ma micrometre 100 (gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita), madzi a pamwamba akuyendetsedwa pang'ono ndi mpweya wowauzira, chifukwa madzi oima amachititsa kuti okosijeni aoneke wosalowa kwambiri. Bwerezani pa malo atatu kapena anayi m'paipi imodzi. Mukaona mpweya watha kenako waonekanso pansi, ndiye kuti kasinganoko kadutsa mu una wa nyongolotsi kapena wa kankhanu. Musafufute zotsatira zoterozo, pakuti makoma a mauna amenewa amalowetsa mpweya m'matope akuda ndipo amasanduka mudzi wa tizamoyo timene mukufufuza.

Kuya kumene okosijeni wathera ndiko kukuuzeni makulidwe a magawo odula. Kumasiyana modabwitsa. Pansi pa South Pacific Gyre, dera lalikulu la pakati pa nyanja ya Pacific chakumwera, kumene chakudya chomira n'chochepa zedi, ulendo wa sitima yobowola ya JOIDES Resolution wa mu 2010 unapeza okosijeni m'matope onse, mamita makumi angapo, mpaka pa thanthwe la pansi. Kumalo otero magawo a masentimita ambiri ndi okwanira, pamene m'dambo la mitengo ya mangrove, yomera m'madzi amchere a m'mphepete mwa nyanja, sentimita imodzi imatha kusakaniza maiko awiri osiyana.

Kudula ndi kusunga

Ikani paipi pa chida chokankha matope kuchokera pansi, chotsani madzi a pamwamba ndi jekeseni, ndipo kankhani matope kuti atuluke pang'onopang'ono. M'matope a m'mphepete mwa nyanja dulani magawo a mamilimita 2 mpaka 5 m'masentimita awiri oyambirira, kenako a sentimita imodzi kapena awiri kupita pansi. Pagawo lililonse tayani matope a m'mbali amene anakhudza khoma la paipi, popeza polowa paipiyo imapaka matope a pamwamba mpaka pansi. Mpeni kapena kachitsulo kodulira katsukidwe ndi kupukutidwa ndi ethanol wa 70 peresenti musanadule gawo lotsatira, ndipo magolovesi asinthidwe pafupipafupi.

Gawo lililonse ligawidwe nthawi yomweyo: pang'ono pa DNA, pena pa madzi a m'matope, pena poyezera liwiro la ntchito, ndi pena poumitsa kuti mudziwe kulemera kwa matope opanda madzi. Za DNA ziumitsidwe ndi kuzizira mwamsanga mu nayitirojeni wamadzi, amene amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, kenako zisungidwe mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Ngati mukufunanso RNA, imene imasonyeza majini (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo a ntchito za selo) amene akugwiritsidwa ntchito panthawiyo, muli ndi mphindi zochepa chabe, chifukwa RNA ya tizamoyoti imasintha ndi kuwonongeka msanga. Kumene magetsi ndi osadalirika, ikani matopewo m'mankhwala osungira monga LifeGuard, ndipo lembani zimenezo m'kaundula wanu. Matope oyezera liwiro asaumitsidwe ndi kuzizira ayi, angosungidwa pozizirira ndipo agwiritsidwe ntchito pasanathe tsiku limodzi kapena awiri.

Madzi a m'matope amatengedwa ndi timapaipi tosefa totchedwa Rhizon, tolowetsedwa m'timabowo ta m'mbali mwa paipi, kapena pozunguza matope m'makina a centrifuge n'kusefa madziwo pa sefa ya ma micrometre 0.2. Nitrite amayezedwa ndi njira ya Griess, imene imasandutsa madzi kukhala a pinki ndipo amawerengedwa ndi makina oyezera mtundu pa kuwala kwa ma nanometre 543. Nitrate amayamba wasandutsidwa nitrite ndi cadmium kapena vanadium chloride, ndipo ammonium amayezedwa ndi njira ya indophenol yotulutsa mtundu wa buluu. Kumbukirani kuti ammonium wina amamatirira ku dongo ndipo satuluka ndi madzi, choncho kuti mumupeze muyenera kukhutchumula matope m'madzi a potassium chloride wa 2 molar. Musaiwale sulfide, mwini wa fungo la dzira lovunda lija. Samantha Joye ndi James Hollibaugh anasonyeza mu 1995 kuti sulfide amaimitsa ntchito ya tizamoyo todya amoniya m'matope, ndipo nthawi zambiri ndiye amafotokoza chifukwa chake malo okhala ndi ammonium wambiri ali zii. Sulfide amauluka msanga, ndiye mumugwire ndi zinc acetate madziwo akangotuluka.

DNA ndi jini ya amoA

Tizamoyoti timakula mochedwa kwambiri ndipo tambiri sitimera m'mbale za mu labotale, n'chifukwa chake timafunidwa kudzera mu jini ya amoA, imene ndi mbali ya malangizo opangira enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito m'selo) yoyambitsa kudya amoniya. Tengani magalamu 0.25 a matope, kapena ochulukirapo ngati achokera m'nyanja yakuya momwe maselo ndi ochepa, ndipo gwiritsani ntchito zida zophwanya maselo ndi timikanda, monga DNeasy PowerSoil. Pa ulendo uliwonse wotulutsa DNA onjezani kabotolo kamodzi kopanda matope, kuti mudziwe ngati mankhwala anu kapena manja anu abweretsa DNA yachilendo. Vuto lalikulu la matope akuda ndi ma asidi a zowolerana amene amatuluka pamodzi ndi DNA n'kumalepheretsa PCR, njira yochulukitsira makope a jini mu labotale. DNA ikatuluka yofiirira, isungunuleni kakhumi kapena kuposa, onjezani puloteni yotchedwa BSA, ndipo yesani pothira mulingo wodziwika wa jiniyo mu sampulo kuti muone ngati wonse ukuwerengeka.

Pa ma archaea, ma primer (tizidutswa tatifupi ta DNA tolozera PCR jini yoti ichulukitse) ofala ndi Arch-amoAF ndi Arch-amoAR, a Francis ndi anzake a mu 2005, amene amatulutsa chidutswa cha ma base pair (muyeso wa kutalika kwa DNA) 635. Pa mabakiteriya pali amoA-1F ndi amoA-2R, a Rotthauwe ndi anzake a mu 1997, otulutsa chidutswa cha 491. Apa pali msampha: ma primer a mabakiteriyawa amagwira Nitrosomonas ndi Nitrosospira koma sagwira bwino Nitrosococcus, amene ndi wa m'madzi amchere, ndiponso sanapangidwire comammox. Munthu amene wagwiritsa ntchito awiri okhawa sangalembe kuti Nitrosococcus palibe, chifukwa sanamufune n'komwe.

Powerenga kuchuluka ndi qPCR, mtundu wa PCR wowerenga makope a jini, konzani mndandanda wa DNA yodziwika kuchuluka kwake yosungunulidwa kakhumikakhumi, ndipo landirani zotsatira pokhapokha mphamvu ya kachulukitsidwe ili pakati pa 90 ndi 110 peresenti. Lembani makope a jini pa galamu ya matope ouma, osati onyowa, chifukwa matope a pamwamba amakhala ndi madzi ambiri kuposa a pansi ndipo kusiyana kumeneko kokha kungakunamizeni. Dziwaninso kuti selo la archaea limakhala ndi kope imodzi ya amoA pamene Nitrosomonas ndi Nitrosospira amakhala ndi awiri kapena atatu. Mukafuna kudziwa mitundu yake, werengetsani zidutswazo pa makina a Illumina owerenga ndondomeko ya DNA, zisefeni ndi pulogalamu monga DADA2, ndipo za ma archaea muziyerekeze ndi kaundula wa amoA amene Ricardo Alves ndi anzake anatulutsa mu 2018.

Kuchuluka si ntchito

Ofufuza ambiri amaima pamenepa n'kulengeza kuti popeza majini a ma archaea achuluka kakhumi kuposa a mabakiteriya, ndiye kuti ma archaea ndiwo akugwira ntchito. Sizitsatira choncho. Selo la Nitrosopumilus ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la Nitrosomonas, ndipo limadya amoniya wochepa pa ola. Kuwonjezera apo, matope amasunga DNA ya maselo akufa ndi ya maselo amene amira kuchokera m'madzi a pamwamba, moti mutha kupeza amoA m'magawo akuda amene simunalowe mpweya kwa zaka zambiri. Yezani liwiro.

Njira yosavuta ndiyo kusakaniza magalamu ochepa a matope ndi madzi osefedwa a pamalo omwewo, n'kuthiramo ammonium ndi sodium chlorate wa ma millimole 10 pa lita. Chlorate amaimitsa tizamoyo todya nitrite, choncho nitrite amaunjikana ndipo kukwera kwake kumasonyeza liwiro la ntchito. Mabotolowo akhutchumulidwe mosalekeza kuti mpweya usathe, akhale mumdima chifukwa kuwala kumafooketsa tizamoyoti, ndipo muziyeza nitrite maola angapo alionse osapitirira tsiku limodzi, tizamoyo tisanayambe kuswana. Chimene mumapeza apa ndi zimene matopewo angathe kuchita atapatsidwa zonse, osati zimene akuchita pansi pa nyanja. Ndiponso ammonium wambiri amakondera mabakiteriya, ndiye ndi bwino kuyesa milingo iwiri, wochepa woyandikira wa pamalopo ndi wochuluka. Amene ali ndi mwayi wa makina a mass spectrometer, osiyanitsa zinthu malinga ndi kulemera kwake, athire pang'ono chabe ammonium wa nayitirojeni 15 (wolemera kuposa nayitirojeni wamba wa 14, choncho amakhala ngati chizindikiro), n'kutsatira kuoneka kwa chizindikirocho mu nitrite ndi nitrate, zomwe sizisokoneza kwambiri chikhalidwe cha matope.

Kuti musiyanitse ntchito ya mabakiteriya ndi ya ma archaea, gwiritsani ntchito mankhwala oimitsa. Gasi wa acetylene amaimitsa onse ndipo amakupatsani poyambira. Octyne amaimitsa mabakiteriya n'kusiya ma archaea ambiri akugwira ntchito, allylthiourea wochepa amachitanso chimodzimodzi, pamene PTIO amakhudza kwambiri ma archaea. Palibe mwa mankhwalawa amene amadula ndendende pamalire, popeza mitundu imasiyana kapiriridwe ndipo dongo limayamwa gawo la mankhwalawo, choncho yesani awiri ndipo khulupirirani zimene agwirizana. Umboni wamphamvu kuposa wonsewu umapezeka popatsa matope bicarbonate wa kaboni 13. Tizamoyo todya amoniya timapanga matupi awo kuchokera ku kaboni wa m'madzi, ndiye timene tikukula timakhala ndi DNA yolemerako, imene imapatulidwa pozunguza mwamphamvu mu cesium chloride, ndipo amoA wopezeka m'gawo lolemeralo ndi wa amene anadyadi n'kuswana.

Magawo akuda nawo musawataye. Bo Thamdrup ndi Tage Dalsgaard anasonyeza mu 2002, m'matope a ku Skagerrak, nyanja ya pakati pa Denmark ndi Norway, kuti anammox imachitika pansi pa nyanja, ndipo pamalo awo akuya kwambiri inkatulutsa gasi wa nayitirojeni woposa theka la yense. Mabakiteriya ake a m'nyanja ambiri ndi a mtundu wa Scalindua, ndipo amafunidwa ndi majini a hzsB kapena hzo, osati amoA. Poyeza ntchito yawo, ikani matope m'timabotolo tagalasi tosalowa mpweya, chotsani okosijeni ndi gasi wa helium, ndipo dikirani usiku umodzi kuti nitrate wakale athe. Kenako gawani timabotolo patatu: tina tilandire ammonium wa nayitirojeni 15 yekha, tina ammonium yemweyo pamodzi ndi nitrate wamba, ndipo tina nitrate wa nayitirojeni 15. Imitsani ntchito ndi zinc chloride pa nthawi zosiyanasiyana n'kuyeza gasi wotuluka. M'timabotolo toyambato simuyenera kutuluka gasi wa chizindikiro, ndipo akatuluka ndiye kuti nitrate wakale sanathe kapena mpweya unalowa. M'tachiwiri, gasi wolemera 29 (15 kuphatikiza 14) ndiye umboni wa anammox, popeza atomu imodzi yachokera ku ammonium ndipo inayo ku nitrite wopangidwa kuchokera ku nitrate wamba uja. M'tachitatu, gasi wolemera 30 (15 kuphatikiza 15) ndi wa mabakiteriya wamba ochotsa nitrate, ndipo poyerekeza 29 ndi 30 mumawerengera gawo la gulu lililonse pa nayitirojeni amene matope anu akubweza kumlengalenga.